Kodi Humpy ndi Divya anangogwirizana kuti alepherane?

Mmodzi wa inu wanditumizira imelo yokhudza ndime yotsiriza ya World Cup ya amayi ya chess, yomwe inachitikira ku Batumi m'dziko la Georgia mu Julaye 2025. Akuti: "Koneru Humpy ndi Divya Deshmukh onse ndi a ku India, ndipo masewero awo awiri akuluakulu analepherana. Kodi sanangomverana chisoni?"

Pepani akuluakulu, apa ndikutsutsani. Malamulo amalola ndithu osewera kugwirana chanza n'kugawana poyinti, aliyense theka. Koma chikho chinali chimodzi, ndipo kulepherana kunangowapititsa ku masewero a rapid, momwe nthawi yoganiza imachepa kwambiri. Tsono Humpy uja anali atatengapo ukatswiri wa amayi wa dziko lonse wa rapid kawiri, mu 2019 ndi 2024. Mtsikana wa zaka 19 ngati Divya akanafuniranji kukakumana naye kumeneko mwadala? Analepherananso gemu yoyamba ya rapid, yachiwiri Divya anapambana ali ndi zidutswa zakuda, n'kutenga chikho pamodzi ndi udindo wa Grandmaster, womwe ndi wapamwamba kwambiri mu chess.

Chomwe ambiri sachiona n'chakuti kulepherana kumakhetsa thukuta. Tiyerekeze mwatsala ndi mfumu yokha, mnzanu ali ndi mfumu ndi pawn (kamsilikali kakang'ono kaja) ya m'mphepete mwa bolodi. Mukathamangira pakona pomwe pawn ikulowera n'kukhazikika pamenepo, palibe angakutulutseni. Akakupanikizani mpaka kusowa koponda koma osakhala pa check (pomwe mfumu yanu ikuopsezedwa kudyedwa), imeneyo ndi stalemate, poyinti mwagawana. Mukachedwa ndi kusuntha kumodzi kokha, basi mwaluza. Wina amapulumuka ndi mfumukazi, check apa, check apo, mpaka zidutswa zitaima chimodzimodzi katatu, n'kuitana woyimbira. Palinso lamulo lakuti aliyense akasuntha ka 50 popanda kudya chidutswa chilichonse kapena kuyendetsa pawn, mutha kupempha kuti gemu ithe.

Kulepherana kwaulesi kuliko, sindikana, makamaka anthu akagwirana chanza zidutswa zikadali mbwee pa bolodi, ndipo ine kumandinyansa. Koma pakati pa akatswiri ofanana mphamvu, musadabwe nako. Mu 2023, Ju Wenjun ndi Lei Tingjie a ku China polimbirana ukatswiri wa amayi wa dziko lonse, pa magemu 12 analepherana 9. Ju anatchinjiriza ukatswiri wake popambana gemu yomaliza, n'kutsiriza ndi 6.5 kwa 5.5.