Musapite ndi choyitanira: za kufufuza nkhukundembo nyengo isanatsegulidwe ku Indiana

Achimwene a ku South Bend, mu state ya Indiana ku America, mwafunsa zinthu zinayi nthawi imodzi: mfuti yoti mugule, choyitanira chabwino (kachipangizo kotsanzira kulira kwa thazi), malo oti mupite, ndi nthawi yoyamba kufufuza komwe nkhukundembo zam'tchire zili popeza ndi chaka chanu choyamba. Za mfuti ena ayankha kale, ndipo chifefe chilichonse cha 12 kapena 20 gauge chimagwira ntchito. Ine ndiyankha za kufufuza, chifukwa amene amabwerako chimanjamanja ambiri amakhala atalakwitsa pamenepo, kudakali milungu nyengo yosaka isanayambe.

Tiyambe ndi malangizo awiri omwe aperekedwa pamwambapa, onse ndi olakwika. Amene anena kuti mumwaze chimanga kuti mbalame zizolowere malo akukuikani m'mavuto. Ku Indiana kusaka nkhukundembo ndi nyambo n'koletsedwa, ndipo malo amawerengedwabe kuti ali ndi nyambo kwa masiku 10 kuchokera tsiku lomwe mwachotsa chimangacho pamodzi ndi dothi lomwe chinakhudza. Winayo wati mupite kutchire ndi choyitanira mukayeserere kuti muone ngati atambala akuyankha. Ayankhadi. Tambala abwera mwakachetechete, osapeza thazi, n'kupeza munthu ataima pafupi ndi galimoto. Mukam'chita zimenezo kawiri katatu ndiye kuti mwam'phunzitsa kale, ndipo tsiku lotsegulira adzangolira ali patali osasuntha. Choyitanira chiyesereni m'galimoto popita kuntchito, kutchire chisapite nyengo isanatsegulidwe.

Nyengo ku Indiana imayamba Lachitatu loyamba pambuyo pa 20 April ndipo imatenga masiku 19. Mu 2025 inali 23 April mpaka 11 May. Mumaloledwa mbalame imodzi yokha, yaimuna kapena iliyonse yandevu, ndipo muyenera kuilembetsa pa CheckIN Game, njira ya boma yolembetsera nyama yomwe mwapha, pasanathe maola 48. Dziwaninso kuti Loweruka ndi Lamlungu lotsogolera tsiku lotsegulira ndi la ana, pomwe ana okha ndi omwe amaloledwa kusaka, ndiye mbalame zomwe munaziona zitakhazikika bwino zikhoza kusokonezeka pang'ono.

Anthu ambiri amayamba kufufuza mu February, n'kuona gulu la mbalame 40 m'munda wa chimanga wokololedwa, n'kuganiza kuti apeza malo. Amenewo ndi magulu a nyengo yachisanu. Kumapeto kwa March amabalalika: mathazi amapita kukafuna malo oikira mazira m'tchire lowirira m'mbali mwa minda, atambala n'kuwatsatira, ndipo chakudya chimasintha kuchoka ku zipatso za mitengo ya oak kupita ku msipu wanthete ndi tizilombo. Munda wodzaza uja mu April mukaupeza uli zii. February ndi March ndi miyezi yophunzira malo: njira, zitunda, mifuleni, malire. Mbalame zenizenizo muzifufuze m'milungu iwiri kapena itatu yomaliza, ndipo zomwe mwamva m'masiku asanu omaliza n'zolemera kuposa zonse za m'mbuyo.

Za malo, ndikukankhirani ku Hoosier National Forest, kumwera kwa Bloomington, ngakhale ndi ulendo wa maola atatu ndi theka kapena anayi kuchokera kwanuko. Kufupi ndi inu kuli malo a boma monga Kingsbury ku LaPorte County, ndipo mbalame ziliko, koma malo ambiri otere amasankha alenje mwa maere pamasiku oyambirira, ndipo ngati simunalembetse koyambirira kwa chaka mwatsala. Ku Hoosier kulibe maere, ndi nkhalango ya maekala pafupifupi 200,000, ndipo ndi dziko la zitunda ndi zigwa, lomwe ndi losavuta kwa munthu wophunzira kumvetsera. Vuto lake ndi limodzi: nkhalangoyo si chigamba chimodzi. Malo a boma ndi a anthu analowana ngati zigamba za chitenje, moti mukhoza kuyenda mamita 300 n'kupezeka muli m'munda wa mwini. Mukaona utoto wapepo pamitengo kapena pansanamira, ndi chizindikiro chovomerezeka ndi lamulo choti musalowe. Pulogalamu ya pafoni ya onX Hunt imaonetsa malirewo, mtengo wake ndi madola 35 kapena kuposerapo pang'ono pachaka kwa state imodzi. Mapu ake muwasunge mufoni musananyamuke, m'zigwa netiweki imasowa. Mukapita chakumwera kwenikweni ku Perry County, kufupi ndi Tell City, nthawi ili kumbuyo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Bloomington, ndiye onetsetsani kuti nthawi yotuluka dzuwa mwayang'ana ya malo oyenera.

Ntchito yeniyeni ndi ya makutu. Nkhukundembo zimagona m'mitengo, monga zichitira nkhanga kwathu, ndipo atambala amayamba kulira akadali pamtengo, mphindi 30 mpaka 45 dzuwa lisanatuluke. Pakati pa April kuderali dzuwa limatuluka itangopitirira 7 koloko, ndiye pofika 6:15 mukhale mwaima kale pachitunda, chitseko cha galimoto mwatseka mosamenyetsa, tochi yazima. Sankhani malo okwera pomwe zigwa ziwiri kapena zitatu zimamveka. Kunja kukakhala bata, tambala amamveka pamtunda wa kilomita imodzi ndi theka. Kukakhala mphepo yoti nthambi zikugwedezeka, gonani, mungotaya mafuta.

Akalira, musathamangire komweko. Tengani kampasi, lembani mbali yomwe mawu akuchokera, ikani pamapu. Tsiku lina muime pachitunda china mamita 500 kapena kuposerapo, mulembenso. Pomwe mizere iwiriyo yakumana ndi pomwe pali mitengo yogonamo. Makutu okha amanama pa mtunda: tambala ali pamtengo amamveka pafupi, akatsika pansi kapena akatembenukira kumbali amamveka ngati wapita kutali pomwe sanasunthe. Masamba akaphuka kumapeto kwa April mawu amachepanso, moti amene mukumumva bwinobwino amakhala ali pafupi kuposa mmene mukuganizira. Apa ndi pomwe anthu amaulutsira mbalame.

Ndipo musachoke akangotsika. Ambiri amamva kulira, n'kusangalala, n'kupita kukamwa tiyi. Kudziwa pogona ndi theka chabe. Chofunika ndi komwe amalowera akatsika: kodi amatsetserekera kuchigwa, amatsatira msana wa chitunda, kapena amapita kumunda? Khalani mpaka 9 koloko mukutsatira kulira kwake ndi makutu. Tambala yemwe ali ndi mathazi amapita komwe mathaziwo akupita, ndipo kumuitana kuti abwerere m'mbuyo n'kovuta ngakhale kwa akatswiri. Kukhala panjira yomwe akufuna kale kudutsa kumaposa luso lililonse la choyitanira. Lembaninso zotchinga: mfuleni, mpanda wa waya, khwawa lakuya, mtengo waukulu wogwa. Mbalame yoti imatha kuuluka imaima tsidya lina la mpanda kwa ola lonse, ikulira, osawoloka. Pokhala panu pakhale mbali yake ya chotchingacho.

Ngati m'mawa wonse kuli chete, mungagwiritse ntchito kulira kwa kadzidzi kusanache, kapena kwa khwangwala dzuwa litatuluka. Tambala amadzidzimuka n'kulira, koma sabwera kudzafuna kadzidzi, n'chifukwa chake zimenezi sizimuononga. Kamodzi kapena kawiri basi, kenako mvetserani. Zoimbira zake ndi za madola 10 mpaka 15.

Masana, kuyambira cha m'ma 11, mbalame zitachoka, ndi pomwe mumatsika kukayang'ana pansi. Phazi la tambala wamkulu, kuchokera kuchidendene mpaka kunsonga ya chala chapakati, limapitirira masentimita 10. La thazi silifika. Zitosi za tambala n'zazitali zopindika kunsonga ngati chilembo cha J, za thazi n'zozungulira ngati kankhono. Zofewa zobiriwira zokhala ndi nsonga yoyera ndi za lero kapena dzulo. Zouma zofumbutuka ndi za kale. Nthenga ya pachifuwa yokhala ndi nsonga yakuda ndi ya tambala, ya nsonga yofiirira motuwa ndi ya thazi. Pansi pa mtengo wogonamo mumapeza zitosi zambiri ndi nthenga zamapiko pamalo amodzi, kawirikawiri pansi pa mtengo waukulu wa nthambi zopingasa, chakumunsi pang'ono kwa msana wa chitunda kapena moyang'anana ndi mtsinje. Mukaupeza, ikani pamapu n'kuchoka. Musadzafikeponso pambuyo pa 4 koloko madzulo.

Pomwe zapalasa masamba pamaoneka ngati chilembo cha V. Masamba amaunjikana kumbuyo, komwe mbalame yachokera, ndiye mumadziwa komwe gulu limalowera. Gwirani dothi lapakati: ngati ndi lonyowa lakuda ndipo palibe tsamba lomwe lagwerapo, zapalasa m'mawa womwewo. Chizindikiro choposa zonse ndi mizere iwiri yopyapyala pafumbi kapena pamchenga, uku ndi uku kwa mapazi. Ndi nsonga za mapiko a tambala akamadzitukumula pamaso pa mathazi. Amabwerera pamalo omwewo pafupifupi tsiku lililonse, nthawi zambiri pakati pa 9 ndi 12 koloko mathazi akamuthawa kupita kuzisa. Mumazipeza panjira zakale zotulutsira matabwa, pamalo athyathyathya pachitunda, ndi pangodya za minda. Malo amenewo ndi omwe amapulumutsa munthu m'mawa ukakanika. Timaenje tosaya ta fumbi tokhala ndi tinthenga ndi mosambira mathazi, nato n'tothandiza, koma osati ngati mizere ija.

Kumbali ya minda, yang'anani muli m'galimoto ndi magalasi oonera kutali, a 8x42 a madola 100 mpaka 150 ndi okwanira. Galimoto yoima sizimaiopa kwambiri, koma munthu akangotsika zonse zimathawa. Maso ake ndi akuthwa, zimaona mitundu, ndipo zimaona pafupifupi mbali zonse popanda kutembenuka kwenikweni. Fungo lokha ndi lomwe silivuta, musataye ndalama pa sopo wa alenje a mbawala. Kukagwa mvula zimatulukira pamtetete, ndiye tsiku lamvula ndi labwino kuwerenga atambala. Siyanitsani wamkulu ndi wachaka chimodzi yemwe amatchedwa jake: wamng'onoyo ndevu zake n'zazifupi zongoti tukulu, ndipo akatambasula mchira nthenga zapakati zimatalika kuposa zam'mbali. Lamulo limamulola, kusankha ndi kwanu. Mathazi ena ochepa ali ndi ndevu. Lamulo limawalolanso, koma asiyeni, ameneyo ndi mazira 10 mpaka 12. Mukadzidzimutsa thazi pachisa, chokanipo msanga osabwereranso, chifukwa limatha kuchisiya.

Kamera zomangirira pamtengo sindizilimbikitsa kwa munthu wa chaka choyamba. Ndi madola 50 mpaka 100, zotumiza zithunzi pafoni zimafunanso malipiro a mwezi, pamalo a boma zimabedwa, ndipo malamulo ake amasiyana malo ndi malo, ndiye mufunse kaye ku ofesi ya nkhalangoyo ku Bedford. Ndalama imeneyo ikhale ya mafuta a ulendo wina wokamvetsera.

Musakhale ndi tambala mmodzi. Pamalo a boma, amene amamveka kuchokera pamsewu amumva anthu khumi. Pezani atatu kapena anayi m'malo osiyana, ndipo mmodzi akhale wofuna kuyenda kilomita ndi theka wapansi. Ku Charles C. Deam Wilderness, kufupi ndi Lake Monroe, saloleza njinga kapena ngolo, n'chifukwa chake mkati mwake anthu amachepa. Lembaninso magalimoto omwe mukuwapeza poimika m'mawa. Ngati galimoto yomweyo mwaipeza katatu, mwini wake adzakhalapo tsiku lotsegulira, ndipo mwambo wa alenje ndi woti wofika poyamba ndiye mwini malo.

Machenjezo otsala ndi a moyo. Musavale chofiira, choyera kapena chabuluu, ngakhale sokosi kapena kolala ya sikipa, chifukwa ndi mitundu ya mutu wa tambala, makamaka ngati mukufufuza masiku a ana aja kapena nyengo itayamba. Mu April nkhalango imadzaza anthu ofuna bowa wa morel, oyenda chowerama atavala zakuda, ndiye chilichonse chogwedezeka musachiyese mbalame. Nkhupakupa kumwera kwa Indiana n'zambiri, ndipo ya lone star imatha kuchititsa thupi kudana ndi nyama ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba. Poperani zovala ndi permethrin ya 0.5 peresenti, botolo ndi madola 15 kapena 18, ziume kaye musanavale, osapopera pakhungu, ndipo mphaka asayandikire zikadali zonyowa. Permethrin imakhala pazovala milungu isanu ndi umodzi kapena kuchapa kasanu n'kamodzi.

Laisensi ya wokhala ku Indiana ndi madola 30 ndi pang'ono, kuwonjezera sitampa ya Game Bird Habitat ya madola pafupifupi 11. Wochokera state ina amalipira kuposa 150. Ngati munabadwa pambuyo pa 31 December 1986 mukufunika satifiketi ya maphunziro a ulenje, apo ayi laisensi ya apprentice yomwe imafuna kuti muziyenda ndi mlenje wamkulu wa laisensi. Simunanene kuti muli pa mapepala anji, koma ngati muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, lamulo la dziko lonse sililola kugwira mfuti pokhapokha muli ndi laisensi yosakira yomwe ikugwira ntchito. Ndiye laisensi iyambe, mfuti pambuyo, ndipo musaisiye ithe mfuti ili m'nyumba.