Tenda ya madesiki yapita kwa kampani yokawagula ku Zambia: kodi lamulo likuti chiyani?

Bambo, mwandilembera kuti muli ndi shopu ya ukalipentala ku Chinamwali, ndipo tenda yopereka madesiki kusukulu za boma mwaluza kwa kampani yomwe ikukatenga madesikiwo ku Zambia. Wina wakuuzani kuti COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, limakakamiza boma kugula kunja. Amene wakuuzaniyo wasokoneza zinthu ziwiri.

Malawi ndi Zambia onse ali m'gawo la malonda opanda msonkho la COMESA kuyambira 2000. Choncho desiki yopangidwadi ku Zambia, yokhala ndi satifiketi yosonyeza komwe yapangidwa, imalowa pa Mchinji osalipira msonkho wa kasitomu. N'chifukwa chake kampani yomwe yapambana tendayo yatha kutsitsa mtengo. Koma mgwirizanowu sulamula boma kuti ligule kwa ndani. Ngakhale ku WTO, bungwe la zamalonda la dziko lonse lapansi, komwe Malawi adalowa mu 1995, pangano lapadera lokhudza kugula kwa maboma dziko lathu silidasaine. Boma lili ndi ufulu wokondera amalonda a m'dziko muno, ndipo mu 2020 lidakhazikitsa lamulo lopatsa mwayi mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati.

Pomwe ndikufuna muyang'anitsitse ndi apa: ndalama za madesikiwo zachokera kuti? Ngati ndi ngongole kapena thandizo la World Bank, nthawi zambiri amatsata malamulo ogulira a bankiyo, ndipo kukondera kwa kwathu kuja kumachepa mphamvu. Izi zimalembedwa m'chikalata cha tenda, masamba omwe ambiri amadumpha pothamangira kulemba mitengo.

Ngati ndi ndalama za boma ndipo mwayi womwe chikalatacho chidalonjeza sadakuwerengereni, muli ndi poyambira. Pemphani m'kalata zifukwa zomwe mwalephelera. Kenako lembani dandaulo kwa mkulu wa ofesi yomwe idaitanitsa tendayo, ndipo sungani kope yodindidwa. Mukapanda kukhutira, pitani ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ku Lilongwe. Masiku odandaulira ndi ochepa, choncho musadikire kuti asainirane kontrakiti. Khoti lalikulu, lomwe lili ndi nthambi kuno ku Zomba, limabwera pamapeto, ndipo pempho loti liunikenso chiganizo cha boma liyenera kufika pasanathe miyezi 3. Khotilo limaona ngati ndondomeko idatsatidwa, silisankha desiki yabwino.

Mukamabwera ku ofesi, mutenge chikalata cha tenda chonse ndi kalata yomwe adakudziwitsirani zotsatira, tione tsiku lomwe idalembedwa.