Polojekiti yochotsa utoto m'madzi pogwiritsa ntchito kuwala

Wophunzira chemistry wa chaka chomaliza wafunsa kuti: "Mutu wanga ndi wa photocatalyst (chinthu chofulumizitsa ntchito ya chemistry chikawalidwa) yophwanya utoto m'madzi, koma labu yathu ilibe zida zambiri. Kodi ndingakwanitse?"

Mungakwanitse, bola pakhale nyale ya UV, spectrophotometer (makina oyeza kuchuluka kwa utoto pogwiritsa ntchito kuwala), centrifuge (makina ozungulira mwaliwiro olekanitsa ufa ndi madzi) ndi chotakasira cha maginito. Yambani ndi ufa wa titanium dioxide wa P25 ndi utoto wa methylene blue. Kuwala kwa UV kukagwera pa ufawu kumabala ma hydroxyl radical, tizidutswa taukali ta oxygen ndi hydrogen tomwe timaphwanya utotowo. Anatase, mtundu wa titanium dioxide womwe ndi wochuluka mu P25, imafuna mphamvu ya 3.2 eV, ndiye kuti kuwala kwa UV kwa mafunde ofupikira 387 nm, komwe m'dzuwa n'kochepa kwambiri. N'chifukwa chake padzuwa ntchito imachedwa.

Sungunulani 10 mg ya utoto pa lita imodzi. Mu 100 mL thiranimo 50 mg ya ufa, mutakase mumdima kwa mphindi 30 mpaka 60 musanayatse nyale. Ambiri amagwa apa. Utoto wina umangomatirira pa ufa osaphwanyika, ndipo mukadumpha gawoli mudzayamikira kuwala pa ntchito yomwe sikunagwire. Mukayatsa, tungani 3 mL pakatha mphindi 15 zilizonse, chotsani ufa ndi centrifuge, muyeze utoto wotsala ndi spectrophotometer pa 664 nm. Girafu ya ln(C0/C) ndi nthawi (C0 ndi kuchuluka kwa utoto poyatsa nyale, C ndi wotsala) ikatuluka mzere wowongoka, kupendekeka kwake ndiye k, nambala yosonyeza liwiro la kuphwanyika kwa utoto.

Pambali ikani kapu ya utoto wokha pa kuwala komweko, ina ya utoto ndi ufa ikhalebe mumdima. Popanda ziwirizi, oyesa mayeso sangakhulupirire manambala anu, ndipo adzakhala akulondola. Lembaninso pH nthawi zonse: ikapitirira 6.5, methylene blue imamatirira kwambiri pa ufa, zotsatira n'kusintha. Ufa ukachuluka madzi amachita mbuu, kuwala sikulowa, liwiro limatsika.

Madzi kuyera sikuti utoto watheratu. Molekyu imatha kuduka pamalo popereka mtundu, zidutswa zake n'kutsalira. Ngati n'kotheka yezani COD (kuchuluka kwa oxygen wofunika kuphwanya zonse zotsalira m'madzi) poyamba ndi pomaliza. Gawo limeneli ndilo ndingakonde muliikire mtima, chifukwa kuyeza COD ndi kugwiritsa ntchito spectrophotometer ndi luso lomwe ma labu a madzi ndi oyeza katundu amafunsa polemba ntchito.

Nyale ya UV ikhale m'bokosi lotseka chifukwa imawononga maso, ndipo poyeza ufa valani chotchinga pamphuno.