Mnyamata ndi wamphamvu, koma nthungo ikugwera pafupi ndipo chigongono chikuwawa

Aphunzitsi ena a masewera pasukulu ina ya sekondale kuno ku Mzuzu atitumizira imelo. Akuti ali ndi mnyamata wa zaka 17, wojintcha bwino, woponyera kumanja, koma nthungo yake ikumathera pa mamita 30 basi. Nthawi zina ikumagwa chogona kapena kuyambira kumchira, ndipo akamaliza amadandaula chigongono. Akufunsa ngati amuyambitse kunyamula zitsulo.

Aphunzitsi, zitsulozo zidikire kaye. Mavuto atatu mwatchulawa gwero lake ndi limodzi: mwanayo akuponya ndi mkono wokha.

Yambani mwayeza nthungoyo pasikelo. Ya abambo imalemera magalamu 800 ndipo kutalika kwake ndi mamita 2.6 mpaka 2.7, ya amayi ndi magalamu 600, pomwe anyamata osakwana zaka 18 amayenera kugwiritsa ntchito ya magalamu 700. Chinthu chopepuka chonchi sichilira nyonga zambiri, chimalira liwiro. Akatswiri akamaitaya m'manja imakhala ikuthamanga pafupifupi mamita 30 pa sekondi, ndipo liwiro likakwera ndi 10 peresenti, mtunda umakwera ndi pafupifupi 20 peresenti. Julius Yego wa ku Kenya si wamtali poyerekeza ndi anzake, koma anaponya mamita 92.72 ku Beijing mu 2015 n'kukhala katswiri wa dziko lonse lapansi.

Liwirolo limachokera pansi. Woponyera kumanja amathamanga, kenaka pa sitepe yomaliza amaponda ndi mwendo wamanzere patsogolo, chidendene choyamba, bondo lili chiwongokere. Mwendowo umaimitsa mbali yamanzere ya thupi mwadzidzidzi. Mukudziwa zomwe zimachitika wakabaza akamanga buleki mosayembekezera: njinga imaima, wokwera amakankhidwira kutsogolo. Ndi mmenenso liwiro la kuthamanga limasamukira m'chiuno, kupita pachifuwa, paphewa, pachigongono, n'kuthera kudzanja. Mkono ndi womaliza. Bondo lamanzere likapindika poponda, liwiro lonse limathera m'bondomo, ndiye mwana amayesa kubwezeretsa pokoka mkono mwankhanza. Imani kumbali kwake, mumujambule ndi foni, muone bondolo pang'onopang'ono. Ana ambiri amalipinda kwambiri eni ake osadziwa.

Kuti mwendo ufike patsogolo nthawi yabwino, masitepe asanu omaliza ndiwo ofunika. Kuwerenga kwake ndi manzere, manja, manzere, manja, manzere. Pa awiri oyamba mapewa amatembenukira kumbali, mkono umatambasukira kumbuyo, chikhatho chikuyang'ana kumwamba, nsonga ya nthungo ili pafupi ndi diso lamanja. Sitepe yachinayi ndi yodumphirako pang'ono, chapansipansi, bondo lamanja likudutsa kutsogolo kwa lamanzere kuti miyendo itsogole, thupi litsalire kumbuyo. Phazi lamanja likangotera, lamanzere litsatire msangamsanga. Mukamvetsera, awiri omalizawo azimveka "ta-ta" mothithikana. Akatalikirana, ndiye kuti mwana waima kaye asanaponye, ndipo kuthamanga konse kuja kwapita pachabe.

Tsopano za chigongono. Phazi lamanzere likamaponda, dzanja lamanja likhale likadali kumbuyo, pamwamba pang'ono pa mzere wa phewa. Chiuno chamanja chikazungulira kutsogolo, chifuwa ndi phewa zimakokeka, chigongono chimatembenukira m'mwamba n'kudutsa pamwamba pa phewa chitsogolere dzanja. Dzanja likatsika mpaka m'nthiti, chigongono chimadutsa m'mbali, ndipo katundu yense amagwera pa kamtsempha ka mkati mwa chigongono kolumikiza mafupa, kamene madokotala amati UCL. Kuwawa kwa mnyamata wanuyo kukakhala mbali yamkati, yoyang'ana kuthupi, mwina ndi komweko.

Dzanja lotsikalo ndi lomwenso limadzutsa nsonga. Nthungo imayenera kuchoka pa madigiri 32 mpaka 36, osati 45 amene ambiri anaphunzira m'kalasi ya fizikisi, ndipo mphamvu idutse m'litali mwake, kuchokera kumchira kupita kunsonga. Nsonga ikaloza kumwamba kuposa kumene dzanja likukankhira, mphepo imaiwomba pamimba, imakwera, kuima, n'kugwa chogona. Musaimbe mlandu nthungo. Katswiri wa ku East Germany Uwe Hohn ataponya mamita 104.80 mu 1984, malamulo anasintha mu 1986, malo apakati pa kulemera kwa nthungo ya abambo anasunthidwa masentimita 4 kutsogolo kuti izitsika ndi nsonga. Lamulonso limati mutu wachitsulo ndiwo uyambe kugunda pansi, apo ayi kuponyako sikuwerengedwa.

Kagwiridwe sikovuta. Nthungo igone m'chikhatho mopingasa, chala chachikulu ndi chapakati zigwire kumapeto kwa chingwe chokulungidwa pogwirira nthungo, chamkombaphala chitsamire m'mbali. Asafinye.

Zoti muchite ndi izi. Aleke kuthamanga kwa milungu itatu kapena inayi. Aziima chiimire, phazi lamanzere patsogolo, n'kumabaya chandamale chomwe mwaika pansi pa mamita 10 mpaka 15. Nthungo ikazikika, mchira uziloza kwa iye. Ukapendekera kumbali, wakoka mokhota. Kuponya 20 kapena 30 mofewa n'kokwanira patsiku, kawiri kapena katatu pamlungu. Zikayamba kuwongoka, onjezani masitepe atatu, kenaka asanu. Kuthamanga kwathunthu kubwere pomaliza, ndipo aziponya kutatsala mamita awiri kuti afike pamzere umene woponya saloledwa kudutsa, apeze poimira. Mpira wolemera makilogalamu awiri woponya ndi manja onse kudutsa pamutu ungamuthandize kuposa zitsulo.

Kuno kwathu samalaninso ndi udzu. Mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira, bwalo limakhala ndi mame kapena kamvula kowaza, ndipo chidendene chikaterereka kamodzi mwana amayamba kuopa kuponda molimba. Nsapato zenizeni za nthungo zimakhala ndi misomali ndi kuchidendene komwe. Ngati palibe, aziponya masana pouma, atatenthetsa thupi ndi mapewa kwa mphindi 15. Ana ena onse aime kumbuyo kwake, ndipo wokatola nthungo aziyenda, osathamanga, poti mchira nawo ndi wosongoka.

Koma zonsezi ziyambe chigongono chitasiya kuwawa. Pakadali pano apume kuponya. Ngati patupa, mkono ukukanika kuwongoka, kapena zala ziwiri zakumapeto zikuchita dzanzi, mupite naye kuchipatala akamuone a mafizo asanagwirenso nthungo.