Makampani anasaina mgwirizano ndi sukulu yathu, koma palibe chikuchitika

Mmodzi mwa owerenga, omwe amaphunzitsa pa sukulu ya zamalonda ya yunivesite ina, andilembera imelo yofotokoza kuti akuluakulu awo anawapatsa udindo wolumikiza sukuluyo ndi makampani oyandikana nayo. M'chaka chimodzi asainitsa zikalata za mgwirizano ndi makampani asanu, zithunzi zogwirana chanza zinajambulidwa, koma kuchokera pa tsiku losainiralo palibe kampani imene yatenga wophunzira ngakhale mmodzi, ndipo akaimba foni amangouzidwa kuti abwana ali pamsonkhano. Akufunsa kuti analakwitsa pati, ndipo ayambirenso bwanji.

Aphunzitsi anzanga, vuto limene ndikuliona ndi lakuti munayamba ndi chinthu chimene chimayenera kubwera pomaliza. Kusaina chikalata sikudyera kampani ndalama kapena nthawi, choncho mkulu wa kampani amasaina mosavuta, koma mawa lake amabwerera ku zimene zikumusowetsa tulo, ndipo sukulu yanu siili pakati pa zimenezo. Chikalatacho chimakhala ndi mphamvu ngati chikulemba za ntchito imene mbali ziwirizi zayamba kale kugwira limodzi.

Ndi bwino kukumbukira kuti sukulu zoyambirira za zamalonda zinabadwa chifukwa amalonda eni ake ankasowa chinachake. Sukulu imene lero imatchedwa ESCP inayambitsidwa ku Paris mu 1819 ndi anthu amalonda pamodzi ndi akatswiri a zachuma. Mu 1881 bungwe la amalonda la mumzinda womwewo linatsegula sukulu ya HEC, ndipo chaka chomwecho Joseph Wharton, mwini mafakitale a zitsulo, anapereka madola 100,000 ku University of Pennsylvania kuti ikhazikitse sukulu imene mpaka pano ikudziwika ndi dzina lake. Zinthu zinatembenuka mu 1959, pamene malipoti awiri olipiridwa ndi mabungwe a Ford Foundation ndi Carnegie Corporation anadzudzula sukulu za zamalonda za ku America kuti maphunziro ake anali osazama. Sukuluzo zinatsamira ku kafukufuku, mayiko ena anatengera, ndipo zotsatira zake mukuziona nokha: mphunzitsi amakwezedwa pa udindo chifukwa cha zimene wasindikiza m'magazini a akatswiri, osati chifukwa cha masiku amene wathera mufakitale. Mukaona anzanu akuzengereza kukuthandizani, musafulumire kuwayesa aulesi, chifukwa akungotsata kumene mphoto ili. Nkhani imeneyi mukaikambe ndi mkulu wa sukulu yanu msanga, kuti ntchito ya kumakampani iziwerengedwa pa maola a mphunzitsi, apo ayi mudzaisenza nokha mpaka mutatopa.

Tsono poyambiranso, musapite kukapempha malo a ophunzira kapena thandizo la ndalama, koma mupite kukafunsa chimene chikuvuta. Ndiponso musapite kwa mkulu wa kampani yonse kapena ku ofesi yoona zofalitsa nkhani, koma kwa munthu wapakati amene vutolo limamugwera tsiku ndi tsiku, monga woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, mkulu wa zogulitsa kapena wowerengera ndalama. Njira yachidule yofikira anthu amenewa ndi ophunzira anu akale, ndipo ndimadabwa kuona sukulu zambiri zilibe ngakhale mndandanda wosonyeza kumene anthu amene anamaliza zaka zisanu zapitazo akugwira ntchito.

Ine ndinaphunzira zimenezi pa kampani ina yogawa katundu m'masitolo. Ndinapita ndi kabuku kokongola kofotokoza mapulogalamu athu onse, ndipo manejala anakaika pambali osakatsegula. Nditatsala pang'ono kutsanzika, ndinamufunsa chimene chinkamudyera nthawi kwambiri, ndipo anatembenuza kompyuta yake n'kundionetsa kuti chiwerengero cha katundu cha m'makina sichinkagwirizana ndi cha pamashelefu mwezi uliwonse. Tinatumiza ophunzira anayi kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo anapeza kuti katundu wobwezedwa ndi masitolo ankayamba walembedwa m'kope la pageti, n'kudzalowetsedwa mukompyuta kumapeto kwa mwezi, ena ataiwalika. Panalibe nzeru zakuya pamenepo, koma munthu wa mkati analibe mpata woima pageti masiku angapo n'kumangoyang'ana. Chaka chotsatira manejala yemweyo ndiye anatiimbira foni kufunsa ngati tinali ndi gulu lina.

Pulojekiti yoyamba ikhale yaing'ono, yokhala ndi funso limodzi, tsiku loyambira ndi tsiku lomalizira, ndipo pamapeto pake kampani ilandire lipoti lalifupi limene manejala angawerenge nthawi imodzi. Mphunzitsi aliwerenge lisanachoke pasukulu, chifukwa ntchito yosalongosoka ya gulu limodzi imatseka chitseko kwa magulu onse obwera m'mbuyo. Mugwirizanenso molemba za chinsinsi. Ndinachitapo manyazi pamene wophunzira wina anaonetsa mitengo imene kampani ina inkagulira katundu pamaso pa kalasi yonse, m'mene munali wantchito wa kampani yopikisana nayo amene ankaphunzira madzulo, ndipo ubale umenewo sunabwererenso.

Pa nkhani yotumiza ophunzira kukaphunzira ntchito, chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha ku Stuttgart m'dziko la Germany. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, makampani a Daimler-Benz, Bosch ndi Standard Elektrik Lorenz anakonza njira yoti achinyamata aziphunzira akugwira ntchito, ndipo mu 1974 sukulu yotchedwa Berufsakademie inatsegulidwa, imene mu 2009 inasanduka yunivesite ya DHBW. Wophunzira amasaina kontirakiti ndi kampani, amalandira malipiro, ndipo amasinthasintha miyezi pafupifupi itatu m'kalasi ndi itatu kuntchito mpaka atamaliza digiri. Maganizo amenewa si atsopano, pakuti Herman Schneider anayambitsa zofanana nazo ku University of Cincinnati mu 1906 ndi ophunzira 27 a uinjiniya. Sindikunena kuti mutengere zonsezi, chifukwa zimafuna malamulo ndi ndalama zimene sukulu imodzi singakhazikitse yokha. Chimene mungatengepo ndi chakuti kampani imasamala wophunzira amene inadzisankhira yokha ndiponso amene ikudziwa ntchito imene wabwerera. Wophunzira wongotumizidwa ndi kalata, popanda womuyang'anira wotchulidwa dzina, amatha miyezi iwiri akujambula mapepala ndi kutumidwa, kenaka kampani imati ophunzira a sukulu imeneyi sadziwa kanthu.

Chinthu china chimene chimapha maubale otere ndi kusiyana kwa nthawi. Yunivesite imayenda ndi semesita, mayeso ndi makomiti amene amakumana mwa apo ndi apo, pamene kampani ikafunsa kanthu Lolemba imayembekeza yankho lisanafike Lachitatu. Pakhale munthu mmodzi, wa nambala ya foni imodzi, amene makampani onse akumudziwa ndipo ali ndi mphamvu yovomera zinthu zazing'ono osadikira komiti. Mufunsenso kampani iliyonse miyezi imene imapanikizika, chifukwa ofesi ya zachuma imene ikutseka mabuku a chaka singalandire alendo, pamene sitolo yaikulu ingafune manja owonjezera nyengo ya malonda ambiri.

Za komiti ya alangizi ochokera kumakampani ndingonena mwachidule kuti ndi yothandiza ngati muwapatsa silabasi yeniyeni kuti aidzudzule, ndipo pamsonkhano wotsatira muwaonetse chimene mwasintha. Akaona kuti amangoitanidwa kudzamvera malipoti, amayamba kutumiza owaimira.

Ndalama zimabwera pambuyo, ndipo kawirikawiri zimadzera m'maphunziro afupiafupi a antchito a kampaniyo, amene amakonzedwa molingana ndi zosowa zake. Pamenepa mpofunika kusamala, chifukwa kampani imene yalipira imatha kuyamba kufuna kulamula zophunzitsa kapena kuletsa kafukufuku amene sakuikomera. Mugwirizane poyambirira kuti kampani ingathe kupempha kuti dzina lake ndi ziwerengero zake zibisidwe, koma singasinthe zimene kafukufuku wapeza, ndipo ilibe mawu pa magiredi a wophunzira. Musanyozenso makampani aang'ono. Alibe dzina lokometsera kabuku ka sukulu, koma mwini wake mumamupeza tsiku lomwelo, ndipo wophunzira amaona bizinesi yonse kuyambira kogula mpaka kogulitsa.

Ponena za zikalata zisanu zimene muli nazo, musazitaye ndipo musasainitse chachisanu ndi chimodzi. Sankhani makampani awiri m'mene muli wophunzira wanu wakale, mupemphe kuti akukumanitseni ndi mkulu wa dipatimenti yake kwa theka la ola, ndipo mupite ndi kope ndi cholembera basi. Mukabwerera, mulembereni tsamba limodzi lonena vuto limene mwamva, chiwerengero cha ophunzira amene mungatumize, dzina la mphunzitsi wowayang'anira ndi tsiku limene lipoti lidzafike patebulo pake. Makampani atatu otsalawo muwafikire semesita yotsatira, mutanyamula lipoti la ntchito imene yatha, ngati eni ake alola kuti lionetsedwe.