Mwana wanga akufuna kusiya koleji ngati Thurlow Weed

Mayi wina walemba kuti mwana wawo wamwamuna, amene ali m'chaka chachiwiri cha utolankhani, akufuna kusiya koleji. Iye akuti nyuzipepala ndi khomo chabe lolowera ndale, ndipo wawerenga za Thurlow Weed wa ku America amene anayendetsa chipani opanda pepala la sukulu. Mayiwo akufunsa ngati zimenezi n'zoona.

Mayi, n'zoonadi kuti Weed, amene anabadwa mu 1797 m'chigawo cha New York, sanakhalitse m'kalasi. Koma mwana wanuyo sanaimalize nkhaniyi. Kuyambira ali kamnyamata, Weed ankagwira ntchito m'nyumba zosindikizira, kutola tizilembo tachitsulo kamodzikamodzi n'kumatisanja m'mizere, zala zili bii ndi inki. Nkhani iliyonse imene ankasanja ankaiwerenga liwu ndi liwu, kwa zaka zambiri. Maphunziro amenewo anali owawa kuposa amene mwana wanu akuwathawa.

Mu 1830 Weed anayambitsa nyuzipepala ya Albany Evening Journal, imene inadzakhala pakamwa pa chipani cha Whig. Mu 1838 anathandiza William Seward kukhala gavanala wa New York, ndipo William Henry Harrison mu 1840 ndi Zachary Taylor mu 1848 anadalira nzeru zake popita kumpando wa pulezidenti. Iye mwini anangokhalako phungu m'nyumba ya malamulo ya New York, maudindo akuluakulu ankawasiyira ena.

Masiku amenewo nyuzipepala zinkanena poyera chipani chawo, ndipo chikapambana, ntchito yosindikiza zikalata za boma inkagwera mkonzi wawo. Lero mtolankhani amene wadziwika kuti akusakasaka mpando, akonzi amamukayikira ndipo owerenga samukhulupiriranso.

Muuzeninso za Horace Greeley, mlembi waluso amene Weed anamutenga mu 1838. Greeley ankayembekeza kuti amupatsa udindo, koma sanamupatse. Mu 1854 Greeley anatembenukira Weed ndi Seward, ndipo pamsonkhano wa chipani cha Republican ku Chicago mu 1860 analimbana ndi Seward, amene ankafuna kuimira chipanicho pachisankho cha pulezidenti, mpaka mwayiwo unagwera Abraham Lincoln. Mtima wofuna mpando unasandutsa mnzawo kukhala mdani.

Langizo langa n'lakuti mwana wanu amalize kaye koleji. Patchuthi chikubwerachi apemphe malo kuwailesi kapena kunyuzipepala, azitumiza nkhani ngakhale zing'onozing'ono, zoti mkonzi azimukonza. Ngati ndale zikumukokabe, asankhe phunziro la ndale kapena la mbiri pamaphunziro osankha a chaka chachitatu, ndipo akambirane ndi mphunzitsi wake asanalembetse.