Ngalande, chigwembe kapena dreneji?

Funso la lero lachokera ku Chitakale, m'boma la Mulanje, kwa bambo wina wa mukomiti ya pamsika. Akuti akufuna kukonzanso kamsewu kawo kuti madzi a mvula asamathere m'mashopu, nde pa kalata yoitanira anthu alembe dreneji, ngalande kapena chigwembe? Akutinso mwana wawo wawaseka atalemba kuti "msewu wakokolola".

Bambo, lembani ngalande. Ngalande amakumba ndi anthu, mwadala, kuwalozera madzi njira, kaya ndi yadothi kaya yowaka ndi miyala ndi simenti. Chigwembe amakumba ndi madzi okha pamene anthu mwalekerera, monga zija zinatsala m'mbali mwa misewu namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023. Nde mukalemba kuti "tibwere tidzakumbe zigwembe" anthu adzafunsa ngati mukomitimo muli bwinobwino. Dreneji sindikuletsani pocheza, tonse timanena, koma pakalata mawu athu alipo kale.

Kalavati yekha musiyeni choncho. Ena amafuna tizinena mlatho, ayi, mlatho ndi uja wa pa Ruo kapena pa Likhubula, chipaipi cha simenti chodutsa pansi pa msewu aliyense amachidziwa kuti ndi kalavati basi.

Za mwanayo, wakuuzani zoona ngakhale kuseka akulu sibwino. Madzi ndi amene amakokolola, msewu umakokoloka. Madzi akokolola msewu, msewu wakokoloka. Chimodzimodzi kugumula ndi kugumuka, kuzula ndi kuzuka. Mukati msewu wakokolola ndikufunsani kuti wakokolola chani.

Mayi wina wa ku Luchenza nayenso akuti alangizi anawauza kuti azidzala udzu wa vetiva ndi mitengo m'mbali mwa msewu, kukumbanso maenje oti madzi azikhazikika n'kumalowa pansi m'malo mothamangira kumtsinje onse nthawi imodzi, ndipo alangiziwo ankati uku ndi "kukolola madzi". Chichewa chimenechi ndi cholondola?

Mayi, kwa ine poyamba chinkandimvekera chachilendo, timakolola chimanga ndi nandolo, madzi timatunga kapena kutchera mu ndowa pansi pa malata. Koma mawuwa akhazikika, pawailesi ali ponseponse, musaope kuwagwiritsa ntchito. Kungoti pouza agogo nenani kuti tikufuna madzi alowe m'nthaka asatikokololere msewu, amva msanga.

Amene munafunsa za napolo dikirani sabata yamawa, si madzi osefukira aliwonse amene timawatcha choncho.